Mabwinja a Linga la Fort Lister

Kukacha bwino, ife okhala m'minda ya tiyi kuno ku Thyolo timaliona phiri la Mulanje cha kum'maŵa. Koma ndi angati mwa ana athu amene adziŵa kuti kuseri kwake, pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, m'boma la Phalombe, pali mabwinja a linga lotchedwa Fort Lister?

Pampata umenewu ndi pamene ankadzera ogulitsa akapolo popita ku Quelimane, kunyanja ya mchere. Anthu ogwidwa ankayenda ali m'magoli, ndipo ambiri sanakuonenso kwawo. M'chaka cha 1893 boma la Angerezi, motsogozedwa ndi Harry Johnston, linamanga lingali kuti litseke njirayo. Mu 1895 asilikali a bomalo, ena mwa iwo ochokera ku India, anagonjetsa Mfumu Matipwiri, ndipo malonda oipawo anazilala m'derali. Komabe tisawabisire ana kuti malinga otere analimbitsanso ulamuliro wa atsamunda pamodzi ndi msonkho wa nyumba.

Lero patsala mabwinja ndi manda. Mmodzi mwa ogona pamenepo ndiye Gilbert Stevenson, mbale wake wa mlembi uja Robert Louis Stevenson. Malowo ndi otetezedwa ndi lamulo, ndipo mu 2011 dziko la Malaŵi linawatchula pakati pa njira za akapolo zimene linapereka ku bungwe la UNESCO kuti zidziŵike padziko lonse.

Ku England kuli zitunda ndi ngalande zimene Anormani anakumba atalanda dzikolo mu 1066. Nyumba zamitengo zimene zinali pamwamba pake zinaola kalekale, koma zitundazo amazisunga, ndipo kukumbapo popanda chilolezo ndi mlandu. Ngati anzathu asamala dothi chabe, nanga ife?

Mdani wa mabwinja si mvula yokha ayi. Moto wolusa, khasu loloŵerera malire ndi dzanja lotola njerwa zimawononga koposa. Wotola amati ndi imodzi yokha, koma tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Makolo ndi aphunzitsi anzathu, tiyeni tikonze ulendo pa tchuthi, ana akaone ndi maso. Inu achinyamata, mukafikapo musalembe maina pamakoma kapena kuchotsapo kanthu. Funsani agogo a m'midzi yozungulira zimene anamva kwa makolo awo, ndipo muzilembe akali moyo.