Amene Amaona M'mimba Dokotala Atasoka Kale

Dokotala akadula chigawo cha matumbo chimene chawola n'kulumikiza mbali zotsalazo, opaleshoni yatha koma nkhawa ikadalipo. Msoko wa m'katimo umatha kumasuka, kawirikawiri pakapita masiku 5 mpaka 7, zam'matumbo n'kuyamba kutayikira m'mimba. Wodwala amatentha thupi, mtima umathamanga, mimba imatupa. Apa ndiye amakankhidwa pa tirole kupita ku X-ray.

Kumeneko kuli anthu a ntchito ziwiri zimene ambiri amazisokoneza. Radiographer ndiye amagwira makina, kugoneka wodwala moyenera ndi kujambula. Radiologist ndi dokotala wowerenga zithunzizo. Ojambula ambiri a ku Malawi anaphunzira ku Malawi College of Health Sciences, koma madokotala owerenga zithunzi ndi ochepa zedi, moti m'zipatala zambiri amene anachita opaleshoni amakwezera yekha chithunzi ku kuwala. Ntchito siisowa: matumbo opotana ndi obooka chifukwa cha tayifodi amafika kawirikawiri ku zipatala za Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central.

Luso lenileni lili posiyanitsa chilonda chimene chikupola ndi ngozi. Munthu amene sanang'ambidwe akapezeka ndi mpweya m'mimba, kunja kwa matumbo, ndiye kuti penapake pabooka. Koma wochokera ku fiyeta amakhala nawo mpweya wotere kwa masiku angapo, chifukwa unalowa mimba ili yotsegula. Choncho chithunzi chimodzi sichikwanira. Madokotala amafuna kudziwa ngati mpweyawo ukuchepa kapena ukuwonjezeka. Matumbo nawonso amayamba aima kaye pambuyo pa opaleshoni, ndipo pachithunzi amafufuma ngati atsekeka.

Pofuna kuona ngati msoko ukudontha, wodwala amamwetsedwa mankhwala oonekera pa X-ray. Barium, phala loyera loonekera pa X-ray, siigwiritsidwa ntchito pamene akukayikira chiboo, chifukwa ikatayikira m'mimba imayambitsa kutupa koopsa. Amasankha mankhwala a ayodini osungunuka m'madzi, monga Gastrografin, amene thupi limatha kuwachotsa.

Makina a CT, amene Godfrey Hounsfield anajambulira wodwala woyamba ku London mu 1971, ndiwo amaonetsa bwino thumba la mafinya lobisika. Hounsfield analandira mphotho ya Nobel mu 1979 pamodzi ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg. Kumene kulibe CT, sikani ya ultrasound imathandiza: dokotala amayang'ana pa sikirini polowetsa kapaipi kotulutsira mafinya, wodwala n'kupulumuka ku mpeni wachiwiri.

Ntchito ya wojambula ndi yolemetsa kuposa mmene imaonekera. Kudzutsa munthu wa bala laliwisi, wa paipi m'mphuno ndi diripi pamkono, kuti akhale tsonga ndi kugwira mpweya kwa masekondi ochepa, kumafuna mtima wodekha. Wojambulayo amaima kuseri kwa khoma loteteza ndipo amavala kabaji koyeza cheza chimene thupi lake lalandira. Mayi amene akuganiza kuti ndi woyembekezera amuuze wojambulayo makina asanayatsidwe.