Ndakatulo ya Imamu wa ku Bursa

Ku Turkey kuli ndakatulo imene yakhala pakamwa pa Asilamu kwa zaka zoposa 600. Mwana akabadwa, mnyamata akadulidwa, ukwati ukamangidwa, ngakhalenso pa arubaini ya womwalira, banja limaitana munthu wa mawu okoma kuti adzailakatule. Dzina lake ndi Vesiletü'n-Necat, kutanthauza njira ya chipulumutso, koma anthu amangoti Mevlid, liwu lomwe lija ife timati Maulidi.

Adailemba ndi Süleyman Çelebi, imamu wa mzikiti waukulu wa Ulu Cami mumzinda wa Bursa, m'chaka cha 1409. Inali nyengo ya chipwirikiti. Mu 1402 Sultan Bayezid adagonjetsedwa ndi Timur pafupi ndi Ankara, adani adafunkha Bursa, ndipo ana a mfumuyo adayamba kulimbirana ufumu.

Akuluakulu amasimba kuti tsiku lina mlaliki wina adanena mumzikitimo kuti Mtumiki Muhammad (S.A.W.) saposa aneneri ena. Mawuwa adamupweteka mtima Süleyman, ndipo adayankha ndi cholembera.

Koma taonani chilankhulo chimene adasankha. Masiku amenewo ophunzira ankalemba m'Chiarabu ndi m'Chiperisiya. Ngakhale Rumi, amene adamwalira ku Konya mu 1273, adalemba Masnavi yake m'Chiperisiya. Süleyman adatsata mapazi a Yunus Emre ndi Âşık Paşa, amene mu Garibname ya 1330 adadandaula kuti chilankhulo cha Aturuki chinalibe wochisamala. Iye adalemba m'mawu a pamsika ndi a pakhomo, oti mlimi ndi gogo amve.

Ndakatuloyi imayamba ndi kutamanda Allah, kenaka imasimba za kubadwa kwa Mtumiki, zozizwitsa zake, ulendo wa Miraji, imfa yake, n'kutsekera ndi duwa. Chokoma kwambiri n'chakuti za usiku wa kubadwawo akufotokoza ndi mayi Amina eni ake. Wolakatula akafika pamene mwana wabadwa, onse amaimirira mwaulemu. Alendo amagawiridwanso chakumwa chotsekemera, pokumbukira chimene ndakatuloyi imati Amina adapatsidwa atamva ludzu.

Süleyman adamwalira mu 1422 ndipo adaikidwa ku Bursa komweko, koma mawu ake sadalowe naye m'manda.

Nanga ife makolo? Ana athu amaloweza Chiarabu ku madrasa, ndipo n'zoyenera. Koma ndani akuwasimbira mbiri ya Mtumiki madzulo pakhonde, m'Chiyao kapena m'Chichewa, kuti aimvetse ndi kuikonda?