MLENDO WOKANA KUCOKA: PULOGALAMU IKAKANIRIRA M'KOMPYUTA YA BANJA

Makolo athu anati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti wobwera kudzaceza sacedwa kubwerera kwao. Koma m'nyumba zambiri za ku Kitwe ndi ku Ndola muli mlendo wina amene mwambi umenewu saudziwa. Mlendoyo ndi pulogalamu imene inalowa m'kompyuta ya banja, mwina osaitanidwa n'komwe, ndipo eni nyumba akati aicotse imakana kwamtuwagalu. Ina imangotulutsa uthenga wa Cingelezi wosamveka, ina imaoneka ngati yacoka koma m'mawa mwake n'kupezeka yabwerera, pamene ina imaumitsa kompyuta yonse mpaka munthu atataya mtima.

Nkhaniyi si yaing'ono monga imamvekera. M'masiku a ZCCM ambiri a ife kompyuta tinkangoiona m'maofesi a migodi ndi m'mabanki. Intaneti inafika m'dziko muno mu 1994 kudzera ku ZAMNET, kampani imene inayambira pa University of Zambia, ndipo mu 2015 ana a Giredi 9 analemba kwa nthawi yoyamba mayeso a Computer Studies. Lero laputopu imapezeka ku Chimwemwe, ku Wusakile, ku Chifubu ndi ku Lubuto. M'menemo ndimo muli zolemba za mwana amene ali pa Copperbelt University, zithunzi za ukwati ndi za agogo amene anatisiya, makalata ofunsira nchito, ndiponso kaundula wa ngongole wa amai amene ali ndi sitolo yao ku Chisokone kapena ku Masala. Banja likapsa mtima ndi pulogalamu imodzi n'kulola kuti kompyuta ipukutidwe yonse, zonsezi zimatayika tsiku limodzi.

CIFUKWA CACE IMAKANA

Pulogalamu ili ngati kapinga. Aliyense amene analimapo dimba adziwa kuti kusadza masamba a kapinga si kumucotsa, pakuti mizu yace imayanga pansi. Pulogalamu ikamalowa m'kompyuta ya Windows imaika mafayilo ace m'foda yochedwa Program Files, ena m'mafoda obisika, ndipo imalembetsa dzina lace m'kaundula wamkulu wochedwa Registry. Kacithunzi kamene timakaona pa sikirini ndi cikwangwani cabe colozera kumene pulogalamuyo ili. Tsono munthu akafafaniza kacithunziko, pulogalamu imatsala yonse. Coipa koposa n'kufafaniza foda yace, cifukwa m'fodamo ndimo mumakhala kafayilo kamene nchito yace ndi kuzula pulogalamuyo mwadongosolo. Kakasowa kameneko, Windows imapitiriza kuwerenga dzinalo m'kaundula koma ilibe coizulira.

Pali zifukwa zinanso. Pulogalamu imene ikali kugwira nchito, ngakhale mobisika, singacotsedwe, monga momwe sitingacotsere mpando munthu ataukhalira. Nthawi zina amene akuyesa kuicotsa alibe cilolezo ca Administrator, amene ali ngati mutu wa banja m'kompyutamo. Izi zimacitika kawirikawiri ndi makompyuta ogula kwa ena, amene kale anali a kampani kapena a sukulu. Nthawi zinanso vuto linayamba ndi magetsi. Tonse tikumbukira mmene anali kuzimira mu 2015, ndiponso mu 2024 pamene cilala cinacepetsa madzi a ku Kariba. Kompyuta ikazima mwadzidzidzi pulogalamu ili pakati polowa kapena potuluka, imatsala yopunduka, yosagwira nchito komanso yosacotseka.

Mapulogalamu ena ndi ziwalo za Windows yeniyeniyo, ndipo batani lowacotsera limakhala lozimiririka. Amenewo tiwasiye, si alendo ai. Gulu lotsiriza ndi la mapulogalamu amene anapangidwa dala kuti asacoke, ndipo za amenewa tikamba kutsogoloku.

POYAMBIRA PACE

Tisanakhudze ciliconse, tiyambe tasamutsa katundu. Zithunzi, makalata ndi zolemba za ana tizikopere pa fulashi kapena pa disiki yapadera, ndipo titsegule ziwiri zitatu kuti tione ngati zakoperedwadi. Ngati ndi laputopu, batire likhale lodzaza. Ngati ndi kompyuta ya pa tebulo, tisankhe nthawi imene magetsi sakhala akuzimazima.

Kenaka tidine Restart. Ambiri sadziwa kuti kuyambira pa Windows 8, kudina Shut down kawirikawiri sikuzimitsa zonse kotheratu, pakuti kompyuta imasungako zina kuti idzayake msanga. Restart ndiye amayambitsa zonse mwatsopano, ndipo nthawi zambiri cimene cinali kugwira pulogalamu cimamasuka pomwepo.

Ikayaka, tilowere pa khomo loyenera. Pa Windows 11 titsegule Settings, kenaka Apps, kenaka Installed apps. Pa Windows 10 malowo amachedwa Apps & features. Tipeze dzina la pulogalamuyo ndi kudina Uninstall. Ngati pamenepo yakana, tiyese khomo lakale la Control Panel, pa Programs and Features, limene lilipo pa Windows 7 mpaka pa Windows 11. Tisayambe kucotsa ina yoyamba isanathe, cifukwa Windows imakonda kutulutsa mmodzimmodzi. Apa mpofunika kudekha: kamzere kakaima kwa mphindi zingapo si kuti zakanika.

IKAPITIRIZA KUKANA

Uthenga umene kompyuta yatulutsa tiuwerenge modekha, ngakhale kuujambula ndi foni, pakuti ndiwo umaloza kumene kuli vuto.

Ukanena kuti pulogalamuyo kapena fayilo yace ili pa nchito, tidine pamodzi mabatani atatu awa: Ctrl, Shift ndi Esc. Padzatseguka Task Manager, amene amaonetsa zonse zimene zikuyenda. Tipeze dzina la pulogalamu yathu, tidine End task, ndi kuyesanso kuicotsa. Maina amene sitiwadziwa tisawakhudze.

Ukanena za cilolezo, tilowe ndi akaunti ya Administrator. Amene anagula kompyuta kwa wina ndipo sanapatsidwe mau acinsinsi a akauntiyo, abwerere kwa wogulitsayo akawafunse. Ndi ufulu wao, cifukwa wogula nyumba amapatsidwa makiyi a zipinda zonse.

Ngati dzina la pulogalamu silikuoneka pa mndandanda, tilowe mu Program Files ndi kutsegula foda yace. Kawirikawiri mumapezeka fayilo yochedwa uninstall.exe kapena unins000.exe. Tiidine ndi batani la kumanja la mausi, ndi kusankha Run as administrator.

Ukanena kuti fayilo ina yasowa, mankhwala ace ndi odabwitsa koma othandiza: tiikenso pulogalamu yomweyo, makamaka ya mtundu womwewo, kucokera kwa eni ace enieni. Ikalowanso imabwezeretsa zimene zinasowa pamodzi ndi cozulira cija, ndipo tsopano imacoka bwinobwino.

Mapulogalamu oteteza ku mavairasi ndiwo ouma khosi kuposa onse, cifukwa anapangidwa kuti mbala isathe kuwazimitsa. Makampani amene amawapanga, monga McAfee, Norton ndi Avast, ali ndi zida zaozao zowacotsera, zopezeka kwaulere pa masamba ao a pa intaneti. Tikumbukirenso kuti alonda awiri otere m'kompyuta imodzi amalimbana okhaokha ndi kuicedwetsa. Windows 10 ndi 11 zimabwera kale ndi mlonda wace, Microsoft Defender, amene amadzuka yekha winayo akacoka.

Zonsezi zikalephera, pali Safe Mode, pamene Windows imayaka ndi zofunika zokhazokha, alendo ambiri ali m'tulo. Pa Windows 10 ndi 11 timagwira batani la Shift podina Restart, ndi kutsata Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings. Pa Windows 7 timadina F8 kompyuta ikamayaka. Komabe si pulogalamu iliyonse imene imacotseka m'menemo, pakuti mbali ya Windows imene imaika ndi kucotsa mapulogalamu ena nayonso imakhala itagona.

Palinso System Restore, imene imabwezera kompyuta mmene inaliri tsiku lina lam'mbuyo. Siikhudza zithunzi kapena makalata, koma imacotsa mapulogalamu amene analowa tsikulo litapita. Imathandiza pokhapokha ngati inali yoyatsidwa vuto lisanabwere.

MLENDO WA ZOLINGA ZOIPA

Pali zizindikiro zimene ziyenera kutidzidzimutsa. Pulogalamu imene palibe m'banjamo akukumbukira kuti anaiika, zotsatsa malonda zongotumphuka zokha, zithunzi zolaula zoonekera pamaso pa ana, tsamba loyambira pa intaneti losintha lokha, mabando otha msanga, kapena mafoda a pa fulashi osanduka tizithunzi tokhala ndi kamuvi: zonsezi zimasonyeza kuti m'nyumba mwalowa mbala. Zotere zimabwera ndi mafulashi oyenda m'makompyuta ambiri kosindikizira mapepala, ndi masewera ndi mafilimu aulere, ndiponso ndi mapulogalamu obedwa amene ena amatiikira pa mtengo wocepa.

Ngakhale makampani ochuka anagwerapo m'mcitidwe umenewu. Mu 2005 kunadziwika kuti ma CD ena a nyimbo a kampani ya Sony BMG anali kuika mobisa pulogalamu yovuta kucotsa m'makompyuta a ogula, ndipo kampaniyo inakakamizika kuitanitsanso ma CD amenewo. Ngati zinatero ndi katundu wogula m'sitolo, nanga kuli bwanji ndi waulere wosadziwika kocokera?

Zikatere, tiyambe tadula intaneti. Kenaka titsegule Windows Security, pa Virus & threat protection, ndi kusankha kufufuza kochedwa Microsoft Defender Offline scan. Kompyuta idzazima ndi kudzifufuza Windows isanayake, mbalayo isanadzuke. Tiyang'anenso mu Chrome, Edge kapena Firefox, pa Extensions, ndi kucotsa zonse zimene sitikuzidziwa, pakuti zina zimabisala kumeneko ndipo pa mndandanda wa mapulogalamu sizioneka. Pomaliza tisinthe mau acinsinsi a imelo, a Facebook ndi a ku banki, koma tisinthire pa foni kapena pa kompyuta ina, osati pa yodwalayo.

Njira yotsiriza ndi Reset this PC. Tikasankha Keep my files, zithunzi ndi makalata zimatsala koma mapulogalamu onse amene tinaikamo amacoka. Tikasankha Remove everything, zonse zimapita. Mau awiriwa tiwawerenge kawiri tisanadine.

ZIMENE TISACITE

Tisalowe mu Registry kukafafaniza zinthu cifukwa coti mnzathu anationetsa kamodzi. Mzere umodzi wolakwika ungacititse kuti kompyuta isayakenso. Foda yochedwa Windows, makamaka ya System32, tiilemekeze ngati mzati wa nyumba. Ndipo uthenga ukatumphuka pa intaneti wonena kuti kompyuta yathu ili ndi mavairasi ambirimbiri, tidine apa kuti iyeretsedwe, kapena tiimbe nambala yakutiyakuti, tidziwe kuti ameneyo ndiye wakuba weniweni. Titseke tsambalo osadina kanthu.

TIKAPITA KWA AMISIRI

Safunsa anadya phula. Pamene nzeru zathu zathera, kupita kwa mmisiri si manyazi, ndipo m'matauni athu muli acinyamata aluso ndi okhulupirika amene amadyera nchito imeneyi. Komabe tipite maso ali otseguka. Ena njira yao ndi imodzi yokha, kupukuta kompyuta yonse ndi kuikamo Windows ina, cifukwa ndiyo yacangu. Tiwauze poyambirira kuti asapukute kanthu tisanavomere, ndipo tigwirizane mtengo nchito isanayambe. Tifunse ngati zimene atiikire ndi zololeka kapena zobedwa. Ngati m'kompyutamo muli zithunzi za ziphaso zathu, mapepala a ku banki kapena zinsinsi za banja, ndi bwino kuzisamutsa kaye, kapena kukhala pomwepo pamene akukonza.

KUPEWA KUPOSA KUCIZA

Mavuto ambiri otere amatha ndi malamulo ocepa a m'nyumba. Akaunti ya Administrator ikhale ya bambo kapena mai, ndipo ana akhale ndi akaunti yamba, yochedwa Standard, kuti asaike kanthu popanda kupempha. Izi si kuwaganizira zoipa, koma kuti cosankha cikhale ca banja lonse. Ndipo popeza kawirikawiri anawo ndiwo amadziwa zambiri kuposa ife, tikhale nao pansi atiphunzitse. Poika pulogalamu tisamangodina Next mothamanga, cifukwa alendo ena amalowa atabisala kumbuyo kwa mnzao, pa kabokosi kocongedwa kale. Fulashi yocokera kunja iyambe yafufuzidwa isanatsegulidwe, ndipo zithunzi ndi makalata tizizikopera kwina mwezi ndi mwezi.

Tisamalenso za msinkhu wa Windows imene tili nayo. Kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows XP pa 8 Epulo 2014, Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo nthawi yoikika ya Windows 10 inatha pa 14 Okutobala 2025. Kompyuta yotere imayakabe, koma mipata yatsopano ikapezeka pa mpanda wace kawirikawiri palibe woitseka. Mu Meyi 2017 vairasi yochedwa WannaCry inalowa m'makompyuta amene sanalandire zigamba zao m'maiko ambiri, mpaka zipatala zina za ku England zinabweza odwala. Amene afuna kugula laputopu yogwirapo kale nchito afunse ngati ingathe kunyamula Windows 11, ndipo alandire mau acinsinsi onse asanapereke ndalama.

Awerengi athu okondedwa, kompyuta ya panyumba inagulidwa ndi thukuta, mwina ndi ndalama za mwezi wathunthu, ndipo zimene ikusunga zina sizingagulidwenso. Pulogalamu ikakana kucoka, tisayambe ndi nkhwangwa. Tisamutse katundu, tiwerenge uthenga, tiyese khomo limodzi kenaka linzace, ndipo pamene sitidziwa tifunse.