Nkhuku m'khitchini, nkhumba pa chiwaya: matenda a m'mimba ku Nambuma

Tsiku la msika ku Nambuma fungo la kanyenya limakulandira usanatsike n'komwe pa kabaza. Pa chiwaya mafuta akuwira, mnyamata akuduladula nkhumba pathabwa, kenako mpeni womwewo, pathabwa lomwelo, akuwazira kabichi wothira pa tchipisi. Nyamayo ipsa, tizilombo tifera m'mafuta. Kabichi uja sadutsa pamoto. Mbale zikutsukidwa mu ndowa imodzi kuyambira m'mawa, ndipo dzuwa likamapendeka madziwo amakhala atada bii.

Wotsegula m'mimba mawa adzanamizira mafuta kapena kusintha kwa nyengo. Kawirikawiri olakwa amakhala Salmonella, Campylobacter kapena mitundu ina ya E. coli, tizilombo tokhala m'matumbo a nkhuku, nkhumba, mbuzi ndi ng'ombe, chiwetocho chikuoneka chathanzi ndithu. Bungwe la World Health Organization lidawerengera mu 2015 kuti mu Africa anthu oposa 91 miliyoni amadwala chaka chilichonse chifukwa cha chakudya choipa, ndipo pafupifupi 137,000 amamwalira. Ana osakwana zaka zisanu ndi amene amavutika kwambiri.

N'kosavuta kuloza chala wogulitsa. Koma nkhani imayambira kumudzi, ndipo imayambira m'thumba. M'midzi ya kuno, kufikira ku Kabudula ndi ku Nsaru, chiweto ndiye banki. Mbuzi ndi fizi ya mwana wa kusekondale, nkhumba ndi matumba a feteleza, nkhuku ndi thiransipoti yopitira kuchipatala. Chuma chotere sungachisiye panja kuti fisi kapena wakuba asankhepo. Wopeza bwino amamanga khola lolimba, mwina lam'mwamba, n'kuikapo loko. Wosauka amalowetsa nkhuku m'khitchini, mbuzi n'kuzimangirira pakhonde kapena m'nyumba momwe. Kukacha zitosi zili pafupi ndi mafuwa, pomwe mayi aphikire phala, pomwenso khanda likukwawa n'kumatola chilichonse kuponya m'kamwa. Ofufuza m'midzi ya ku Zimbabwe adaonerera makanda kwa maola angapo, ndipo ena adawaona akudya dothi ndi zitosi zankhuku. Mayi wa ku Nambuma sangadabwe nazo.

Pamene umphawi umaonekera poyera ndi pamene chiweto chafa chokha. Chigodola chikalowa m'mudzi nkhumba zimatha m'masiku ochepa, monga chitopa chimasesera nkhuku m'chilimwe. Chigodola sichigwira munthu, izi n'zoona. Vuto n'lakuti mwininkhumba sadziwa chimene chaipha, mlangizi wa ziweto ali kutali, ndipo palibe amene adzamubwezere kanthu akaikwirira. Ndiye amaiwamba msangamsanga, kuigulitsa motchipa, ina n'kukongoza kuti adzalipidwe pokolola. Ogula ndi anzake omwe nyama ya kubutchala saikwanitsa. Furiji palibe, motero yotsala imagona m'beseni n'kudzatenthetsedwa pang'ono mawa lake. Kuuza bambo wotere kuti akwirire nkhumba ya ndalama zambiri chifukwa cha tizilombo tosaoneka ndi ulaliki wabwino, koma samalani, akumverani ulemu chabe.

Dzinja limawonjezera. Mvula imakokolola ndowe kupita kudambo, komwe kuli zitsime zosatetezedwa ndi madimba a masamba. Januwale ndi Febuluwale ndiyonso miyezi ya njala ndi malungo, pamene thupi la mwana lilibe mphamvu zolimbanira. Kafukufuku wotchedwa DRUM, wochitika m'makomo a ku Blantyre ndi Chikwawa, adapeza tizilombo tosamva mankhwala m'chimbudzi cha anthu pafupifupi 4 mwa 10 alionse ndi mu ndowe za ziweto pafupifupi 3 mwa 10, ndipo mwa anthu tinkachuluka nthawi ya mvula. Kumene makapisozi amagulidwa m'golosale n'kumwetsedwa mwana lero, nkhuku mawa, zimenezi si zodabwitsa.

Tisaziunjikire ziweto mlandu wonse. Kolera, amene kuyambira mu Malichi 2022 adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Lilongwe ali patsogolo, amachokera m'chimbudzi cha munthu. Taifodi nayenso ndi wa anthu okhaokha, n'chifukwa chake mu Meyi 2023 boma lidabaya katemera wake kwa ana osakwana zaka 15. Ngakhale mtundu wa Salmonella wolowa m'magazi, umene madokotala a ku Queen Elizabeth Central Hospital aulondola kwa zaka zambiri, umaoneka kuti umayenda pakati pa anthu, makamaka ofooka ndi HIV, malungo kapena kunyentchera.

Mlangizi wa zaumoyo akamayendera mudzi amafunsa chimbudzi, mpondagiya, thandala ndi dzala, n'kusiya Thanzi ORS kwa mwana wodwala. Za mitengo, misomali ndi loko womangira khola alibe nazo yankho, pakuti ziweto zili m'manja mwa Unduna wa Zamalimidwe. Mwanayo amachira, n'kubwerera kukakwawa m'khitchini momwe muja, ndipo nkhuku zidzalowamonso madzulo chifukwa akuba sanasamuke.