Phindu la mtengo limadalira nthaka ndi mvula ya pamene wamera

Alimi anzanga, nyengo yobzala mitengo ikamayandikira ambiri mumandifunsa kuti mtengo wabwino koposa ndi uti. Yankho langa ndi lakuti mtengo umapereka phindu molingana ndi nthaka imene wamerapo ndiponso mvula imene umalandira. Mtengo umene ukuthandiza mlimi wa ku Mulanje ukhoza kungomutayitsa nthawi mlimi wa kwa Mkanda. Tsono tiyeni tione za kuno kwathu ku Mchinji.

Nkhalango zobiriwira chaka chonse zilipo m'dziko muno, monga pa phiri la Ntchisi, ku Mulanje ndi ku Misuku. Kumeneko mvula imagwa yambiri, nkhungu imakuta mapiri ngakhale m'chilimwe, choncho mitengo siyoyola masamba onse pa nthawi imodzi. Kuno ku Mchinji mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, pafupifupi mamilimita 1,000 pa chaka, kenako timakhala miyezi 6 kapena 7 kuli gwa. Ichi ndi chifukwa chake mitengo imene yachuluka m'tchire lathu, kuno ngakhalenso kutsidya kwa Mwami cha ku Chipata, ndi ya mtundu wa mombo, tsamba ndi mtondo, imene akatswiri amaitcha miombo.

Mitengo imeneyi inazolowera nthaka yosauka. Mizu yake imapita pansi kwambiri kukafuna madzi, ndipo isanayoyole masamba imayamba yabweza chakudya chambiri m'thunthu. Kaamba ka ichi, masamba ake ogwa pansi sakhala ndi chonde chochuluka. Ngakhale mombo ndi wa banja limodzi ndi nyemba, suonjezera nayitirojeni m'nthaka monga amachitira nandolo kapena mtedza. Mlimi wothyola mphanje m'tchire lotere amakolola bwino zaka zochepa zoyamba zokha, kenako chimanga chimayamba kuchita chikasu.

Phindu la miombo lili kwina. Mizu yake imakhalira limodzi ndi bowa: mtengo umapatsa bowa chakudya, bowa n'kumathandiza mtengo kuyamwa madzi ndi michere. Ndelema ndi manyame amene amayi amagulitsa m'mbali mwa msewu nthawi ya dzinja amamera pamene pali mitengo imeneyi. Mukaidula, bowayo amathanso. M'munda wa bulugamu simungamupeze. Miombo yomweyo imatipatsa luzi, matondo, nkhuni zokhalitsa moto ndi maluwa a njuchi.

Pa mapiri, mitengoyi imagwiranso ntchito ina yaikulu. Nkhalango ya boma ya Mchinji, imene inakhazikitsidwa mu 1924, ili m'mapiri momwe mtsinje wa Bua umayambira usanakathire m'nyanja ku Nkhotakota. Masamba ndi mizu zimachedwetsa madzi a mvula kuti alowe pansi, ndipo madzi amenewo ndi amene amatulukira m'madambo m'chilimwe. Wodula mitengo kuphiri akuumitsa dimba la mnzake kumunsi.

Msuku umakonda nthaka ya mchenga kapena ya nsangalabwi yosasunga madzi, makamaka m'mbali mwa mapiri. Mukaubzala m'dambo sukula bwino. Nawonso umadalira bowa wa m'mizu, choncho ndimalangiza kuti pofesa masuku m'machubu musakanize dothi lotapa pansi pa msuku waukulu.

Nsangu ndi wosiyana ndi yonseyi. Umayoyola masamba mvula ikamayamba, n'kuphukanso m'chilimwe. Motero suphimba chimanga, masamba ake amasanduka manyowa pa nthawi imene mbewu zikuwafuna, ndipo mizu yake imaonjezera nayitirojeni. Koma nsangu umafuna nthaka yakuya imene madzi a pansi sali patali, monga m'zigwa. Pa mtunda wa miyala umapinimbira, ndipo mlimi akhoza kudikira zaka zambiri osaona kusintha m'munda. Pa nthaka ya katondo ya kumtunda, gliricidia ndi ombwe zimabwezera chonde msanga.

M'mphepete mwa mitsinje monga Bua ndi Rusa, mitengo yoyenera ndi katope, mkuyu ndi mbawa. Imeneyi imakonda chinyontho ndipo mizu yake imagwira gombe kuti lisagumuke. Bulugamu amakula msanga ndipo amatipatsa milimo ya zigafa, koma amamwa madzi ambiri. Mubzaleni kumtunda, kutali ndi chitsime, dambo ndi munda wa chimanga.

Nyengo nayo imasintha zimene mtengo ungapereke. M'zaka za chilala monga 1992 ndi 2024, mbande zobzala kumene ndi zimene zimayamba kufa, pamene zitsa za mombo zimaphukabe chifukwa mizu yake inafika kale pansi. Pa chifukwa chimenechi, ine ndimaona kuti pa malo ouma kusamala ziphukira n'kwanzeru kuposa kugula mbande. Siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa, zinazo sadzani. Tetezaninso malowo ku moto wa mu Seputembala ndi Okutobala, umene umapha timitengo tating'ono. Lambulani njira zotchinga moto udzu usanaumitsitse, ndipo ngati kutentha kuli kofunika, gwirizanani ndi a mfumu komanso alangizi a zankhalango kuti kuchitike molawirira, cha mu Meyi kapena Juni.

Musanakumbe dzenje chaka chino, yendani m'munda mwanu ndi khasu. Onani ngati nthaka ndi ya mchenga, katondo kapena makande, ngati madzi amadikha mvula ikagwa, ndiponso mitengo yachilengedwe imene ikukula bwino pafupi. Imeneyo ndiyo ingakuuzeni zoona za malo anu. Mukatero, pitani kwa mlangizi wa m'dera lanu mukasankhe mbande zogwirizana ndi malowo.