Mpeni Wobuntha Ndiwo Ucheka Mwini Wake

Inu alimi a ku Balaka, pokonza makasu ndi zikwanje musaiwale mpeni. Ndiwo ung'amba nsungwi za nkhokwe, ndiwonso udula luzi lomangira fodya m'chigafa.

Mipeni ilipo ya mitundu iwiri. Wa makolo, wochokera kwa osula, unoleka msanga ndi kubunthanso msanga. Pouyenda nawo ukhale m'chimake. Wina ndiwo wopinda, monga Okapi, umene anayamba kuupanga ku Germany mu 1902, ndipo mu 1988 ntchitoyo inasamukira ku South Africa. Umenewu muziupinda musanauike m'thumba.

Ponola, nyowetsani mwala wosalala. Gonekani mpeni, msana wake utukuke pang'ono pokha, ndipo muukweche mbali zonse ziwiri molingana. Tupa isiyireni khasu, pakuti idya chitsulo. Mpeni wobuntha ufuna mphamvu, ndipo ukaterereka ucheka dzanja. Dothi likalowa m'balamo lingabweretse kafumbata, udzu n'kumakula m'munda inu muli kuchipatala.

Podula nsonga za fodya, tsukani mpeni ndi manja ndi sopo kawirikawiri, pakuti nthenda yochititsa mawanga pa masamba iyenda ndi mpeni kuchokera pa fodya wodwala kunka pa wabwino.