Ana 28 Amene Anatsegula Khomo ku Belfast

Mwana wobadwira ku Belfast, likulu la Northern Ireland, m'zaka za m'ma 1970 ankakula atamusankhira kale mdani. Akakhala wa banja la Chikatolika, ankapita kusukulu ya mpingo wake. Akakhala wa Chipulotesitanti, ankapita kusukulu ya boma, kumene pafupifupi ana onse anali a mbali yakwawo. Aphunzitsi nawonso ankasulidwa kosiyana: Akatolika ku makoleji a mpingo wawo monga St Mary's, enawo ku Stranmillis. Ngakhale masewera anali ndi mbali, uku hurling ndi mpira wa Gaelic, uko rugby ndi cricket. Kuyambira 1969, makoma ataliatali anayamba kumangidwa pakati pa nyumba za anthu a mumzinda umodzi, moti mnyamata ankatha kumera ndevu asanachezepo ndi mnzake wa kuseri kwa khoma.

Gwero la mkangano linali ndale. Ena ankafuna kuti chigawochi chikhalebe m'manja mwa Britain, ena ankafuna kuti chiphatikizane ndi dziko la Ireland. Koma malire a ndalewo ankayenda ndendende ndi malire a mipingo, ndipo pa zaka pafupifupi 30 za chipwirikiti anthu oposa 3,500 anaphedwa. Chopweteka mtima n'chakuti ana a mbali zonse ziwiri ankamva phunziro limodzimodzi la kukonda mnansi, la Msamariya wachifundo, la kukhululuka. Phunziro linalipo, koma mnansi woti amukondeyo anali asanamuonepo nkhope.

Amene anatopa nazo koyamba sanali mabishopu kapena nduna za boma. Anali makolo. Mu 1974 anakhazikitsa gulu lotchedwa All Children Together, lofuna kuti ana onse aziphunzirira pamodzi. Kwa zaka zingapo anagogoda kumipingo ndi kuboma kupempha kuti masukulu omwe analipo kale atsegule zitseko, koma palibe ngakhale imodzi imene inasuntha. Pamenepo anati basi, timanga yathu.

Nthawi imene anasankha inali yoopsa zedi. Chaka cha 1981 ndicho chimene akaidi 10 anafa atanyanyala chakudya m'ndende ya Maze, ndipo misewu inali yodzaza ndi mkwiyo. Mu Sepitembala chaka chomwecho, ana 28 analowa m'holo ya ma Scout ku Ardnavally, pafupi ndi mtsinje wa Lagan, apolisi akulondera. Mphunzitsi wamkulu anali mayi Sheila Greenfield. Sukuluyo, Lagan College, inalibe nyumba yakeyake ndipo kwa zaka zitatu zoyambirira sinkalandira ndalama za boma. Inkayenda ndi zopereka za makolo ndi za mabungwe achifundo, ndipo inasamukasamuka m'malo obwereka isanakhazikike ku Lisnabreeny, kumapiri a Castlereagh.

Tsono pitani lero mukaone! Pamene panali ana 28 pali ophunzira oposa 1,300, ndipo chaka ndi chaka ofuna malo amachuluka kuposa mipando. Sukulu imene anthu ankaiyang'ana ndi diso lokayika yasanduka imodzi mwa masukulu amene makolo amalimbirana kwambiri m'chigawo chonsecho. Mdzukulu wa munthu amene ankaguba ndi mbendera ya Britain amakhala desiki limodzi ndi mdzukulu wa munthu amene ankaidana nayo mbenderayo, n'kumabwerekana cholembera ngati palibe chachilendo. Kwa agogo awo chimenechi chikanakhala chozizwitsa, koma kwa iwo ndi Lachiwiri wamba. Ndani sangasekere?

Chimene chimandikondweretsa koposa ndi njira imene anatsata. Anthu ambiri amaganiza kuti ana a zikhulupiriro zosiyana akakhala pamodzi, chanzeru n'kusiya nkhani za Mulungu pachipata. Makolo a ku Lagan sanatero. Sukuluyi inaima poyera kuti maziko ake ndi a Chikhristu, mawu ake otsogolera anatengedwa m'pemphero la Yesu lopempherera umodzi pa Yohane 17, ndipo ili ndi alangizi a zauzimu a mbali zonse ziwiri, Mkatolika ndi Mpulotesitanti, ogwirira ntchito limodzi. Ana a zipembedzo zina, komanso a mabanja osapembedza, amalandiridwa ndi manja awiri. M'masukulu a pulayimale a mtundu umenewu, mwana wa Chikatolika amakonzekeretsedwa kulandira Ukalisitiya woyamba ndi Ulimbitso monga mwa mwambo wa mpingo wake, anzake akudziwa chimene chikuchitika ndi chifukwa chake. Palibe amene amauzidwa kuti avule chikhulupiriro chake. Amangouzidwa kuti achifotokoze mwaulemu, ndipo amvetsere mnzake akamafotokoza chake.

Apa ndi pamene makhalidwe abwino amachoka m'buku n'kulowa m'magazi. Kuuza mwana kuti azilemekeza anthu osiyana naye n'kosavuta. Koma akaona mnzake wapamtima atabwera ndi phulusa pamphumi Lachitatu la Phulusa, kapena atavala kaduwa kofiira kokumbukira asilikali mu Novembala, amafunsa, amayankhidwa, nthawi zina amatsutsana, kenako belu likalira amapita kukadya limodzi. Akuluakulu anati kuongola mtengo m'poyamba. Ana amenewa amaphunzira kusiyana maganizo popanda kudana akadali anthete.

Moto unayaka ndithu. Mu 1985 masukulu ena ophatikiza, monga Hazelwood ndi Forge, anatsegulidwa mu Belfast momwemo. Lamulo la maphunziro la 1989 linalamula boma kuti lizilimbikitsa ndi kuthandiza masukulu otere, ndipo pangano la mtendere la Lachisanu Loyera la 1998 linawatchula kuti ndi mbali ya ntchito yoyanjanitsa anthu. Lero alipo oposa 70. Ambiri amayesetsa kuti pa ana 100 alionse, 40 akhale Akatolika, 40 Apulotesitanti, ndipo 20 a zikhulupiriro zina kapena opanda mpingo, kuti pasapezeke wodzimva mlendo. Masukulu akale nawonso ali ndi mwayi wosintha makolo akavota. Mu 2021 sukulu ya pulayimale ya Seaview, m'mudzi wa Glenarm, inakhala yoyamba ya Chikatolika kuchita zimenezi.

Ntchito ikadalipo, pakuti ana ambiri a ku Northern Ireland akuphunzirabe molekana, ndipo makoma ena sanagwe. Koma funso limene makolo aja ankafunsidwa, loti kodi zingatheke, linayankhidwa kalekale ndi ana eniake. Amene analowa m'masukulu amenewa m'zaka zoyambirira tsopano ndi akuluakulu, ena ndi makolo amene akuperekeza ana awo pazipata zomwezo, ndipo chaka chilichonse kumamveka za makolo a dera lina amene aponya voti kuti nawonso ana awo akulire pamodzi.